Mphwanga, usanalipire sukulu ya thiraki pita ukaione kaye thirakiyo

Mphwanga, uthenga wako unandipeza ndili pa mzere ku Mwanza, netiweki imavuta nde ndinati ndiyankhe bwinobwino ndikafika kunyumba. Wafunsa ziwiri, kuti geni yathu yodutsa mabodalayi imayenda bwanji, komanso kuti ndalama wasunga zija ukapereke ku sukulu iti yophunzitsa mathiraki poti ina yakulonjeza kuti pakatha masabata awiri laisensi ya hosi (mutu wa thiraki umene umakoka) ndi ngolo ikhala ili m'thumba. Ndiyambe ndi geni, chifukwa ukamva mmene katundu amayendera sukuluyo usankha wekha.

Ife timaoda ku Joni, kwambiri ku Dragon City ndi China Mall, nthawi zina ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Katundu akakhala wochepa, zikwama ziwiri zitatu, umakwera naye basi nkhani yatha. Koma akachuluka, mabelo a mabulangete, mafiriji, matailosi, basi singakunyamule nde timasonkherana anthu asanu mwina khumi kulipira thiraki imodzi, aliyense katundu wake amulemba dzina, mwini thiraki amatchaja poona kukula ndi kulemera kwake. Ukapakira iwe umakwera basi kutsogola kukadikira ku Mwanza, thiraki ikubwera pambuyo, Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, pafupifupi makilomita 1,700 kukafika ku Blantyre, mabodala atatu. Pa Mwanza ejenti amalowetsa mapepala, a MRA amawerengera msonkho, walipira, katundu watuluka, kukagulitsa ku Limbe. Pofotokoza zimamveka zophweka eti. Phindu limadyedwa ndi masiku, tsiku lililonse thiraki ikagona panjira ndiye kuti ngongole ya banki m'khonde ikukula, kasitomala amene anakupatsa dipoziti wayamba kuimba, randi nayo siimadikira munthu, unaona mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ena anabwera ndi katundu amene atamugulitsa ndalama yake sinakwanenso kukaodera wina.

Nde taganiza, masiku onsewo mpamba wanga wonse uli kumbuyo kwa munthu mmodzi amene mwina ndangomudziwa tsiku lopakira. Ndi chifukwa chake ngakhale ine sindinagwirepo chiwongolero cha thiraki, madalaivala ndimawadziwa ngati mmene mayi wa pamsika amadziwira tomato woti mawa aola.

Chaka china tinapakira ndi mnyamata, kampani sinditchula, waulemu wake ndithu, laisensi yatsopano yonyezimira. Chizindikiro choyamba chinaoneka pa malo opakira pomwepo, anayenera kulowetsa ngolo chambuyo pakati pa mathiraki awiri, anayesa kasanu ngolo ikungopindikira kumbali, mpaka dalaivala wina wa ku Zimbabwe anatsika m'galimoto yake nkumulowetsera. Ife tinaseka, tinati ndi manyazi chabe anthu amuchulukira. Patapita masiku anayi tinalandira foni kuti thiraki yagona chammbali pa mtsetse wina ku Mozambique. Anatsika mtsetse wonse phazi lili pa buleki, giya yaikulu, mabuleki anatentha mpaka kusiya kugwira, nde anasankha kuilowetsa m'ngalande kusiyana ndi kuomba ya kutsogolo. Anapulumuka, Mulungu ndi wabwino, koma mafiriji anga asanu ndi limodzi anabwera ngati zitini zopondedwa, katundu wina anthu a m'mudzi anathandiza kututa usiku. Pambuyo pake ndi pamene tinamva kuti sukulu yake anaphunzirira pa kalole ka matani atatu, hosi ndi ngolo anakwera kawiri kokha, zina zonse zinayenda ndi madobadoba.

Sukulu yako ya masabata awiriyo ndikaimva ndikukumbuka mafiriji aja.

Uyambe wadziwa kuti ukufuna laisensi iti, chifukwa ambiri amangoti "ya heve" ngati ndi imodzi. Makodi athu ndi a SADC. C1 ndi ya malole olemera kupitirira makilogalamu 3,500 kulekeza 16,000, C ndi ya opitirira pamenepo koma opanda ngolo yaikulu, EC ndiye ya hosi ndi ngolo imene ukuilotayo. Ku Joni ukamva akuti Code 10 akunena C1, Code 14 ndi EC. Pamwamba pa laisensi pamafunikanso PrDP, chilolezo choyendetsera galimoto ngati ntchito, G ya katundu, P ya anthu, D ya katundu woopsa ngati mafuta, ndipo iyi imatha nkumakaikonzetsanso. Sukulu ina imakulandira ndalama ya EC koma chomwe ili nacho pabwalo ndi lole ya C1, nde funso loyamba usafunse mtengo, ufunse kuti galimoto imene ndiphunzirire ili kuti. Akakuuza kuti ili ku galaja, kapena timabwereka kwa anzathu tsiku la mayeso, uwathokoze uzipita. Akakuonetsa, usachite manyazi, zungulira, ona matayala, ona COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi pa galasi ngati sizinathe, uwapemphe ailize umve mpweya ukudzaza m'matanki. Thiraki imene ikutaya mpweya ili chiimire pabwalo ikuuza zambiri za eni sukuluyo kuposa chikwangwani cha pageti.

Mapepala a sukulu nawo uwaone. Sukulu yoyendetsa galimoto imayenera kukhala yovomerezeka ndi a Road Traffic, mphunzitsi nayenso amakhala ndi chiphaso chake chophunzitsira, sikuti aliyense amene anayendetsapo thiraki ndi mphunzitsi ayi. Yeniyeni siivuta, satifiketi imakhala pakhoma. Koma usakhutire ndi cha pakhoma, makompyuta alipo ambiri masiku ano, pita wekha ku ofesi ya Road Traffic ukafunse ngati dzina limenelo akulidziwa, ndipo ukafunse mkati pa kauntala osati kwa anyamata amene amakuchingamira panja ndi "bwana tikuthandizeni". Mphunzitsiyo umufunse kuti ali ndi kodi yanji, ndipo anayendapo misewu iti. Amene anatsikapo Chiweta atasenza, kapena Kitonga panjira ya ku Dar, ukamufunsa za mtsetse amayamba kulankhula ndi manja, osadziwa amangoti uzichepetsa liwiro.

Pomwe anthu amabedwa kwambiri ndi pa maola. Amakuuza kuti kosi ndi mwezi umodzi, iwe nkusangalala, osadziwa kuti mwezi umenewo muli anthu khumi ndi awiri pa thiraki imodzi, m'mawa mwakwera nonse, aliyense wagwira chiwongolero mphindi khumi ndi zisanu, tsiku latha, mawa kulibe dizilo, mkuja mphunzitsi wapita ku maliro. Nde ufunse mosapsatira, ine pandekha ndigwira chiwongolero maola angati, tsiku likalephereka mundibwezera liti, dizilo ali mu mtengowu kapena ndi wapadera, galimoto ya tsiku la mayeso ndilipiranso, nanga ndikalephera mayeso kubwereza ndi zingati. Zonsezo alembe, ndipo ndalama iliyonse ukapereka lisiti ya dzina la sukulu, osati kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu amene sudziwa kuti mawa akhala alipo. Usaperekenso zonse kamodzi. Ifenso ku Joni thiraki sitilipira yonse tisanaone katundu pa Mwanza.

Nthawi yambiri ya maphunziro ako iyenera kuthera pa rivesi, ndikunenetsa. Kupita kutsogolo pa msewu wowongoka ngakhale ine nditha kuyesa. Koma ntchito ya dalaivala wa ngolo ili m'malo opanikizika, pa bodala pamene mathiraki adzazana ngati nsomba m'dengu wina akukuimbira hutala, pa doko la Beira, m'magodauni a ku Limbe momwe geti anamangira ngolo za abulu. Ngolo pobwerera imapita kosemphana ndi kumene wapotolera chiwongolero, zimenezo mutu umamva tsiku limodzi koma manja amatenga nthawi. Sukulu yabwino imakhala ndi bwalo lake lalikulu, makoni kapena migolo, ndipo ukafika umapeza ana asukulu akubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka kutopa. Akuphunzitsenso kumangirira ndi kumasula ngolo wekha, kulowetsa hosi pansi mpaka imveke kuti yakola, kukoka pang'ono kuti utsimikize, kulumikiza mapaipi a mpweya ndi waya wa magetsi, kukweza miyendo. Alipo amene anaiwala kutsimikiza, hosi kunyamuka ngolo nkugwa chamutu pa bwalo anthu akuona, ntchito kuthera pomwepo.

Za mtsetse ndanena kale ndi nkhani ya mnyamata uja. Thiraki yodzaza m'chigawo chathu chino imatha kufika matani 56 yonse pamodzi, chinthu chotere suchigwira ndi phazi lokha. Umalowetsa giya yaing'ono usanayambe kutsika, injini ndi ritada, chipangizo chochepetsa liwiro osaponda buleki, nzomwe zimagwira, buleki ya phazi nkumangothandizira. Ufunse ngati adzakutulutsa kunja kwa tauni ukatsike mtsetse weniweni, ngati wa ku Chikwawa uja, ndipo ngati ngoloyo amaikamo kanthu kolemera, chifukwa yopanda kanthu ndi yosenza ndi nyama ziwiri zosiyana. Ufunsenso za giya. Ma Volvo ndi ma Scania ambiri atsopano ndi otomatiki, koma mabwana ambiri kuno akugula ma Howo, ma Shacman, ma FAW a giya ya manja, nde phunzirira pa ya manja. Ku Joni ukayesedwa pa otomatiki laisensi yako amailemba kuti ndi ya otomatiki basi.

Chimene ife eni katundu timayang'ana kwambiri, chimene masukulu ambiri sachitchula nkomwe, ndi kupakira. Katundu akaunjikana mbali imodzi, pa sikelo ngati ya pa Balaka thiraki yonse itha kukhala yosapyola koma ekiselo imodzi, mzere umodzi wa matayala, yalemera, chindapusa, kutsitsa katundu pansi, tsiku lapita. Malamba kumanga bwanji, tenti kufunda bwanji kuti mvula ya ku Harare isalowe m'mabulangete anga, kuima pambuyo poyenda pang'ono nkukokanso malamba poti katundu amakhazikika. Mphunzitsi akamazidziwa izi ndiye kuti anagwirapo ntchito. Za mapepala a pa bodala, inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imene ku Zambia ndi ku Zimbabwe imagwira koma ku Mozambique umagula inshuwalansi yawo, ma tolo, zilolezo, izo usadandaule nazo pano, uzidzaphunzira panjira. Msewu nawonso sukuvuta, maiko onsewa timayenda kumanzere ngati kwathu kuno, pokhapokha ukadzawoloka pa Kasumbalesa kulowa ku Congo ndi pamene umasinthira kumanja.

Njira yachidule yodziwira sukulu, pita pamene madalaivala amagona, pa Mwanza, pa Dedza, kapena ku Kanengo, gula fanta ziwiri, khala nawo pansi. Afunse kuti anyamata amene akulembedwa ntchito masiku ano akuchokera sukulu ziti, ndi ziti zimene mabwana akangomva dzina amabweza kalata. Akuuza zonse mpaka dzina la mphunzitsi wabwino, chifukwa nthawi zina sukulu ndi yomweyo koma aphunzitsi awiri, wina wodekha wina wongotukwana. Zithunzi za pa Facebook za anthu atanyamula malaisensi zisakutenge mtima, amene analephera ndi amene anadyeredwa ndalama sajambulidwa. Ndipo sukulu ikangonena kuti kukhoza nkosakayikitsa, tili ndi anthu athu mkati, dziwa kuti akugulitsa khadi osati luso. Khadilo likudutsitsa pa rodibuloko, koma kampani iliyonse yolongosoka isanakupatse makiyi a galimoto ya mamiliyoni imakuyesa yokha pabwalo lake, ndipo choyamba amati bweza ngoloyi ilowe apo.

Wanenanso zoti mwina ukaphunzirire ku Joni konko kuti ukapezeretu ntchito. Masukulu abwino aliko, mayeso awo a K53 ndi okhwima, koma popanda mapepala okhalira m'dzikomo sizikuyendera, ndipo nkhani ya madalaivala akunja kumeneko ndi yotentha, mathiraki akhala akuwotchedwa pa msewu wa N3 wopita ku Durban. Ine ndingakonde utenge ya kwathu kuno, ulowe kampani ya kuno, Joni uzipita ngati wodutsa.

Usayembekezenso kuti ukangotenga EC mawa lake uli pa ulendo wa ku Beira. Palibe bwana amene amapereka hosi kwa munthu wopanda zaka pamsewu, inshuwalansi yawonso imavuta. Ambiri amene ndimawadalira lero anayamba ndi malole a m'tauni kunyamula simenti ndi chimanga, ena anayenda chaka chonse ngati wothandizira, kumanga tenti, kusintha matayala, kuphika nsima pansi pa ngolo, dalaivala akatopa pa malo abwino nkuwapatsako pang'ono. Nde ngati ndalama zako sizikukwana EC ya sukulu yabwino, ine ndikuti tenga C1 ya sukulu yabwino, ugwire ntchito, EC idzabwera.

Ndalamazo usakhudze kaye. Loweruka ndikhala ku Limbe kutsitsa katundu, thiraki yake akuyendetsa ndi bambo wina wachikulire amene wandinyamulira zaka zambiri osaswa ngakhale kapu, ubwere m'mawa umuone mmene amalowetsera ngolo pa geti paja, ndamuuza kale za iwe. Tikatha tipite limodzi ku sukulu yako ya masabata awiriyo, iye akaione thiraki yawo. Ubwere ndi nsapato zotseka, osati masilipasi ako aja, ndipo uwapatse moni amayi ako, uwauze kuti mapoto aja ndawapeza.