Kuyeza njira imene uthenga umadutsa pansi pa nyanja

Mwafunsa ngati masamu oyerekezera kayendedwe ka mauthenga a wailesi angagwirenso ntchito pa masensa (tizipangizo toyezera zinthu) olankhulana ndi phokoso pansi pa nyanja. Ine ndikuona kuti sangakwanire. M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndipo popeza limagunda pamwamba pa madzi ndi pansi n'kubwerera, uthenga umodzi umafika kangapo, zigawo zina zitachedwa ndi mamilisekondi makumi angapo. Mafunde akamagwedeza sensa, Doppler (kusintha kwa kamvekedwe ka phokoso kamba ka kugwedezekako) imasokoneza kwambiri chifukwa liwiro la phokosoli ndi lochepa. Yambani ndi Bellhop, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera phokoso m'madzi, kuti muone mmene phokoso lingayendere, kenako muzitumiza pafupipafupi zizindikiro zodziwika kale zoti cholandirira chiziyezerapo. Njira zimene phokoso limafikira lili ndi mphamvu zimakhala zochepa chabe, choncho compressed sensing (masamu opezera zinthu zochepa zofunika kuchokera pa miyezo yochepa) imathandiza kwambiri kuzipeza.