Mafunso Anu: Kukwera Mapiri ndi Banja Komanso Anzanu

Funso: Ine ndi amuna anga tikufuna kukakwera phiri ndi ana athu, wazaka 8 ndi wazaka 12. Akuti njira yake ndi makilomita 10 kupita ndi kubwera. Tinyamuke nthawi yanji kuti mdima usatipeze?
Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, kutalika kwa njira pakokha sikungakuuzeni nthawi. Funsaninso kuti mukwera mamita angati. Okwera mapiri amawerengera motsata lamulo limene William Naismith wa ku Scotland anakonza mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako ola linanso pa mamita 600 aliwonse a chitunda. Tinene kuti phiri lanulo ndi mamita 600 kuchokera m'tsinde, ndiye kuti ndi maola 3. Komatu amenewa ndi maola a munthu wamkulu, wamphamvu, amene sakupuma panjira. Poti muli ndi wazaka 8, werengerani maola 5 kapena kuposa.

Nyamukani kukangocha, ndipo mugwirizaniretu ola lobwerera. Likakwana, tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi, chifukwa potsika miyendo imakhala itatopa kale ndipo ambiri amaterereka pamenepo. Wamng'onoyo ndiye akhale muyezo wa liwiro, mmodzi wa makolonu ayende kumbuyo kwa onse. Madzi tengani pafupifupi theka la lita pa ola kwa wamkulu aliyense, kukatentha onjezerani. Juzi musaisiye: pa mamita 1,000 aliwonse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mwana wonyowa ndi thukuta amayamba kunjenjemera mukangokhala pansi. Wina wotsala pakhomo adziwe njira imene mwadzera.

Funso: Ndikayenda mtunda wautali ndi anzanga ndimatuluka matuza kuchidendene, zikhadabo zakuphazi n'kuda. Vuto ndi nsapato?
Mnyamata wokonda kuyenda

Yankho: Achimwene, nsapato ndi mbali imodzi chabe. Tuza limabwera khungu lonyowa likamakhudzana ndi nsapato mobwerezabwereza, ndiye sokosi za thonje, zimene zimasunga thukuta, zimakulitsa vutoli. Valani zaubweya ndipo munyamule zina zosinthira. Nsapato yatsopano muyambe mwaivala masiku angapo pakhomo. Mukangomva penapake pakutentha, imani pomwepo, pukutani phazi n'kumatapo pulasitala. Musadikire kuti mukafike popumira. Tuza laling'ono lisiyeni. Lalikulu libooleni m'mphepete ndi singano yoyera, koma khungulo musalisende.

Zikhadabo zimada chifukwa potsika phazi limatsetserekera kutsogolo, zala n'kumagunda nsapato. Ziwengeni musananyamuke, kungani zingwe pakakolo musanayambe kutsika, ndipo pogula nsapato muonetsetse kuti kutsogolo kwatsala mpata wa chala chimodzi.

Funso: Mvula yamabingu kapena nkhungu ikatipeza pamwamba, tichite chiyani?
Bambo wotsogolera gulu la achinyamata

Yankho: Bambo, kukang'anima werengani masekondi mpaka bingu litagunda. Masekondi 3 ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akakhala ochepera 30, mphenzi ingathe kukufikani. Chokani pansonga ndi pamsana pa phiri, musabisale pansi pa mtengo woima wokha kapena pakhomo pa phanga losaya, ndipo musaunjikane malo amodzi kuti ngozi isagwere gulu lonse. Dikirani mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza.

Nkhungu ndi nkhani ina. Apa khalani pamodzi, werenganani, ndipo njira ikasowa imani. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukutsitsani, chifukwa m'phiri madzi amadzera m'mathithi momwe munthu sangatsike. Mtsinje wodzala wopitirira m'mawondo musawoloke, dikirani uphwe. Mukafuna thandizo, imbani wezulo kasanu ndi kamodzi m'mphindi imodzi, pumani mphindi imodzi, n'kubwerezanso. Choncho wachinyamata aliyense akhale ndi wezulo wake m'thumba, osati m'chikwama cha mtsogoleri.