Bilu ya msilikali wakale isapite kunyumba kwake: yankho kwa mayi wa kiliniki ya fiziyo ku Indiana

Mayi,

Kalata yanu ndailandira. Ndiibwereze pang'ono kuti ena owerenga adziwe pamene tayambira. Muli ndi kakiliniki ka fiziyo kumpoto kwa Indiana, ndipo munalowa mu Community Care Network, netiweki ya zipatala zakunja zothandiza odwala otumizidwa ndi VA, unduna wa boma la America woona za asilikali akale. Anakutumizirani bambo wina wachikulire amene anamenya nkhondo ku Vietnam, bondo likuwasautsa. Referral, ndilo pepala la chilolezo lochokera ku VA, inalola maulendo 12. Maulendowo atakwana bondo linali lisanagwire bwino, inu n'kupitiriza ena 5 osapempha chilolezo china. Ma claim, ndiwo mapepala opempha malipiro, a maulendo 5 amenewo akanidwa. Awiri mwa 12 oyamba aja akanidwanso, akuti anafika mochedwa. Mtsikana wa padesiki watumiza bilu kunyumba kwa bambowo, n'kuwonjezerapo madola 50 a tsiku limene sanabwere. Mukufunsa ngati bambowo angalipire okha, ngati mungatumize ku Medicare, inshulansi ya boma ya anthu achikulire, komanso ngati mungasunthe madeti a maulendo 5 aja, monga wakuuzirani mnzanu wina, kuti alowe m'masiku a referral.

Tiyambe ndi bilu ija, chifukwa ndi imene ikuyaka moto. Ibwezeni lero lomwe. Aimbireni bambowo nokha, musatume mtsikana, muwauze kuti pepalalo linapita molakwika ndipo alibe nanu ngongole. Kenako lembani kalata yonena zomwezo, kope lina mulisunge mufayilo. Ngati dzina lawo lapita kale kwa otolera ngongole, alembereni amenewonso kuti aleke.

Polowa mu netiweki ija munasaina mgwirizano. Mmenemo munavomera kuti ndalama zimene mulandire kuchokera ku VA ndiwo malipiro onse, ndipo simudzatsata msilikali kukamufunsa zotsala. Ngakhale copay, gawo limene wodwala amalipira yekha, ngati alipo woti alipire, simutolera ndinu, VA imawalembera yokha. Chindapusa cha tsiku lojomba ndi choletsedwanso. Mwina odwala ena a inshulansi zina mumawalipiritsa, koma wobwera ndi referral ya VA simungatero. Ndikudziwa kuti ola lotayika ndi ndalama kwa inu amene mumalipira lendi ndi antchito. Koma lamulo lili choncho, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lachilungamo. Ndinakhalapo moyang'anana ndi madala wina amene anatulutsa m'thumba la malaya kalata ya otolera ngongole, ataipinda kanayi, itachita kufewa ndi thukuta. Ankanjenjemera manja poifunyulula. Iye chimene anachita n'kupita kumene dokotala wake anamutuma, pa tsiku limene anauzidwa. Zamapepala sanali kuzidziwa, ndipo si iye amene ankayenera kuzidziwa.

Kuti mumvetse chifukwa chimene maulendo 5 aja akanidwira, onani kumene ntchitoyi inachokera. Lamulo la MISSION Act la 2018 ndi limene linakhazikitsa pulogalamu yomwe mukugwiramoyi, ndipo inayamba pa 6 Juni 2019 m'malo mwa pulogalamu yakale ya Veterans Choice. Msilikali wakale amaloledwa kupita kwa achipatala akunja kwa VA pa zifukwa zowerengeka. Mwachitsanzo, ngati ulendo wa pagalimoto wopita ku VA umapitirira mphindi 30 pa chithandizo wamba kapena mphindi 60 pa cha akatswiri, kapena ngati angadikire kupitirira masiku 20 pa chithandizo wamba ndi 28 pa cha akatswiri. Koma wonena kuti munthuyu akuyenera ndi VA. Si inu, si wodwala, ndiponso si Optum. Optum ndi kampani yoyendetsa netiweki ndi kulipira ma claim m'zigawo 1, 2 ndi 3 mwa zigawo zimene VA inagawa dziko lino, ndipo Indiana ili m'chigawo 2. Anzathu a ku Texas ndi California awo amadzera ku TriWest. Makampani amenewa amalipira chokhacho chimene VA yaloleza.

Tsopano tengani pepala la referral lija muliyale patebulo. Pali nambala yoyamba ndi zilembo VA. Pali tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Pali chimene amachitcha SEOC, ndiwo mndandanda wa chithandizo chololedwa ndi kuchuluka kwa maulendo. Amenewo ndiwo malire a munda wanu. Maulendo akatha, ngakhale masiku atatsala, chilolezo chatha. Masiku akatha, ngakhale maulendo atatsala, chathanso. Mukalima kupitirira malire, mwalimira wina.

Chimene chinkafunika ndi fomu ya VA 10-10172, imene aliyense amangoti RFS. Mumailemba pamene mwaona kuti wodwala afunika zoposa zimene zaloledwa, n'kumata zolemba zanu zosonyeza mmene bondo likuyendera, mmene likupindikira, zimene akulephera kuchita pakhomo, n'kutumiza ku ofesi ya community care ya chipatala cha VA chimene chinamutumiza. Imadzera pa HSRM, njira ya pa intaneti imene VA imayendetsera ma referral, kapena pa fakisi. Musamadikire ulendo womaliza. Ine ndimauza makiliniki kuti pa referral ya maulendo 12, wodwala akafika ulendo wa 8, wina akhale pansi alembe RFS, chifukwa yankho silibwera tsiku lomwelo. Ndipo yankho likachedwa, mumamuuza wodwala poyera kuti tiime kaye, chilolezo sichinafike. N'zowawa kumuimitsa munthu amene wayamba kupeza bwino. Ndikumvetsa kuti ndi chifundo chimene chinakupangitsani kupitiriza, ndipo sindikukudzudzulani pa mtima umenewo.

Komabe pa maulendo 5 aja ndikuuzeni zoona: mwayi wolandira ndalama ndi wochepa. Lemberani ofesi ya community care, fotokozani zimene zinachitika, tumizani zolemba zachipatala, mufunse ngati angaganizirepo. Kufunsa sikulakwa. Koma VA kawirikawiri sipereka chilolezo chobwerera m'mbuyo pa chithandizo chimene sichinali changozi, choncho musawerengere ndalama imeneyo pokonza bajeti ya mwezi uno. Kuwalipiritsa bambowo nakonso sikutheka. Anabwera ngati wodwala wa VA, palibe anawauza kuti kuyambira ulendo wa 13 azilipira okha, ndipo palibe pepala limene anasainiratu. Werenganinso ndime ya mgwirizano wanu yonena zosamusenzetsa msilikali ngongole claim ikakanidwa.

Ma claim awiri ochedwa aja ndi amene ndikuona kuti mungawamenyere nkhondo. Lamulo la 38 U.S.C. 1703D limapatsa wachipatala masiku 180 kuchokera tsiku la chithandizo kuti atumize claim. Ambiri amagwa apa chifukwa anazolowera Medicare, imene imapereka chaka chathunthu. Lamulo lomwelo limamanganso boma: claim yopanda cholakwika ilipidwe pasanathe masiku 30 ngati yadzera pa kompyuta, 45 ngati ndi yapepala, ndipo ikapitirira pamakhala chiwongoladzanja. Ndiye funso ndi lakuti, kodi munatumizadi mochedwa, kapena munatumiza nthawi ilipo n'kubwezedwa osadziwa? Pitani ku clearinghouse yanu, kampani imene imakupititsirani ma claim pa kompyuta, mukatenge lipoti losonyeza tsiku limene claim iliyonse inalandiridwa. Onaninso kumene inapita. Zimachitika kuti wolemba mabilu watumiza ku VA mwachindunji, kapena ku kampani ya chigawo china, m'malo mwa Optum. Zimachitikanso kuti nambala ya referral yaiwalika mu bokosi 23 la fomu ya CMS-1500, kapena nambala ya wodwala ya ICN yalembedwa molakwika, claim n'kubwerera, uthenga wake n'kukhala osawerengedwa miyezi. Mukapeza umboni woti inafika masiku 180 asanathe, pemphani kuti aiunikenso. Pempho limenelo lili ndi masiku 90 kuchokera tsiku limene anakana, osati tsiku limene inu munatsegula envulopu. Werengani masikuwo usiku uno pa kalendala. Kalata yake ikhale yaifupi: nambala ya claim, nambala ya referral, chifukwa chimene mukutsutsira, umboni kumbuyo. Kudandaula za mavuto a kiliniki sikusuntha munthu wowerenga makalata amenewa, chimene amafuna ndi deti.

Mukapeza kuti munachedwadi, madzi akatayika saoleka. Ndalamayo ifafanizeni m'mabuku. Imeneyonso sipita kwa wodwala.

Za Medicare yankho lili pawiri. Pa maulendo amene VA inaloleza, kuphatikizapo awiri ochedwa aja, musatumize. Pa chithandizo chololezedwa wolipira ndi VA yokha, ndipo Medicare silipira zimene VA yaloleza. Kuchedwa kwanu sikusandutsa Medicare kukhala wolipira wachiwiri. Pa maulendo 5 akunja kwa chilolezo pali kakhomo, koma n'kopapatiza. Bambowo akhale ndi Part B, gawo la Medicare lolipira chithandizo cha odwala osagonekedwa, inu mukhale olembetsedwa ku Medicare, ndondomeko ya chithandizo ikhale yotsimikizidwa ndi dokotala monga Medicare imafunira. Ndiponso Part B imasiyira wodwala 20 peresenti, ndalama imene bambowo sanachenjezedwe. Musatumize kalikonse kumeneko loya asanaone mgwirizano wanu ndi fayilo yonse.

Tsopano za madeti. Mayi, apa ndikupemphani ngati mlongo wanu: musayerekeze. Mnzanuyo mwina akuona ngati n'kukonza kapepala chabe, poti chithandizo munaperekadi. Lamulo siliona choncho. Claim yolembedwa tsiku labodza kuti boma lilipire ndi claim yabodza. Pansi pa False Claims Act, lamulo lolanga otumiza ma claim abodza, boma limafuna ndalama zake kuchulukitsa katatu, kuwonjezerapo chindapusa choposa madola 10,000 pa claim iliyonse payokha. Pali ndi mlandu wa chinyengo pa zaumoyo, 18 U.S.C. 1347, umene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende. Laisensi yanu ya fiziyo ikhoza kupita, mukhozanso kuchotsedwa m'mapulogalamu onse a boma, Medicare ndi Medicaid yomwe, imene ndi inshulansi ya boma ya anthu opeza zochepa. Ndipo kubisa n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Kompyuta yanu imasunga amene wasintha, tsiku ndi ola. Buku la padesiki lili ndi madeti enieni. Bambowo akudziwa masiku amene anabwera. Mtsikana amene mungamutume kusintha uja, lamulo la False Claims Act lija limamulola kukasuma m'malo mwa boma n'kulandira gawo la ndalamazo. Mlandu suola, ukhoza kukupezani patapita zaka mutaiwala.

Pali chinanso chimene anzathu obadwira kuno sachiganizira, koma ife timayenera. Simunandiuze ngati munatenga kale unzika. Ngati muli pa green card, chilolezo chokhazikika kuno musanakhale nzika, mlandu wa chinyengo umakhudza mapepala anu okhalira m'dziko muno, ndipo ndalama zotayika zikapitirira madola 10,000 umalowa m'gulu la milandu imene munthu amathamangitsidwa nayo. Maulendo 5 a fiziyo, pa mitengo imene VA imalipira, imene nthawi zambiri imatsata ya Medicare, ndi madola mazana angapo. Musaike nyumba, ana ndi zaka zonse zimene mwavutika kuno pa ndalama imeneyo.

Zingapo zoti mtsikana wa padesiki azidziwe, poti si vuto lake ngati palibe anamuphunzitsa. Khadi la VA si khadi la inshulansi. Munthu akalionetsa opanda referral, musayambe chithandizo poganiza kuti VA ilipira. TRICARE ndi ya unduna wa zachitetezo, ya asilikali amene akugwira ntchito, opuma pa penshoni ndi mabanja awo. CHAMPVA ndi ya akazi, amuna ndi ana a asilikali akale ena. Zonsezi zili ndi malamulo ake ndi kotumiza kwake, musazisakanize. Zolemba zachipatala zimapita ku VA, padera ndi claim, pasanathe masiku 30 kuchokera ulendo woyamba, kenako zomaliza chithandizo chikatha. Ndipo msilikali wakale akadwala mwadzidzidzi pakiliniki panu, musafunefune chilolezo, itanani 911. Chofunika n'chakuti VA idziwitsidwe pasanathe maola 72. Akakuuzani mawu osonyeza kuti akufuna kudzipha, pamene muli awiri m'chipinda mukuwongola bondo, nambala yoimbira thandizo ndi 988 kenako 1, ndipo kuyambira Januwale 2023 chithandizo changozi chotere VA imalipira pansi pa COMPACT Act ngakhale kwa ambiri amene sanalembetse.

Zimene ndalembazi ndatengera kalata yanu yokha, fayilo sindinaione. Kuti ndinene motsimikiza pa ma claim awiri aja ndi pa nkhani ya Medicare, ndifunika kuona mgwirizano wanu wa netiweki, referral, mapepala okanira onse 7, lipoti la clearinghouse, ndi bilu imene inapita kwa bambowo. Musanatumize, fufutani dzina lawo, tsiku lobadwa ndi manambala awo monga HIPAA, lamulo loteteza chinsinsi cha odwala, imafunira, ndipo musadzere pa WhatsApp. Yambani ndi tsiku limene lili pamwamba pa pepala lokanira loyamba, chifukwa masiku 90 aja anayamba kale kuyenda.