Carlton imene agogo anu ankasimba

Mayi wina wa ku Chitakale wanditumizira imelo. Akuti malemu agogo awo, amene anapita ku Joni pa Wenela (bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi), ankakonda kusimba za nyumba yotchedwa Carlton, yoti ukafuna kuona nsonga yake chipewa chimagwa. Koma mchimwene wawo amene ali komweko pano akuti ndi malo wamba ogulako zovala. Ndiye akufunsa ngati agogowo ankangothira mchere.

Ayi mayi, sankathira mchere. Carlton Centre ili mu Commissioner Street, pakati penipeni pa Johannesburg. Maziko ake anayamba kukumba mu 1967, ndipo inatsegulidwa mu 1973. Ili ndi nsanjika 50, kutalika kwake mamita 223. Ife okulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje tingaseke, poti Sapitwa ndi mamita 3,002, koma Sapitwa sanamange ndi munthu. Kwa zaka zoposa 40 mu Africa munalibe nyumba yoiposa, mpaka pamene The Leonardo ya ku Sandton, dera la kumpoto kwa Johannesburg, inamalizidwa mu 2019.

Chimene chimandikhudza ine ndi mwini wake. Inali kampani ya migodi ya Anglo American. Choncho munthu wotuluka mumgodi akaima pa msewu n'kukweza mutu, ankayang'ana kumene kunkapita thukuta la anthu ngati iyeyo, pa nthawi imene wakuda sankayembekezera mpando wa bwana m'maofesi ngati amenewo. Mwinanso agogo anuwo anaiona ikadali yonyezimira, chifukwa mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Kamuzu analetsa zopita pa Wenela.

Mchimwene wanunso sakunama. M'zaka za m'ma 1990 makampani akuluakulu anasamukira ku Sandton, kuthawa umbanda ndi kunyentchera kwa pakati pa tauni. Hotela ya Carlton, yoyandikana ndi nyumbayi, momwe munkagona alendo olemekezeka, inatsekedwa. Mu 1999 kampani ya boma la South Africa ya Transnet inagula malo onsewo pa 33 miliyoni randi basi, mtengo wa bonya poyerekeza ndi kukula kwake. Masitolo a pansi anakhalabe ndi moyo, ndipo n'kumene mchimwene wanu amalowa.

Mukamalankhula nawo pa WhatsApp, muwauze kuti tsiku lina atuluke m'masitolomo, aoloke msewu, akweze mutu, akujambulireni chithunzi. Foni okha aigwiritse, malo amenewo satulutsira foni mwachisawawa.