Takisi zachinyengo: mafunso anu

FUNSO: Akonzi, kwamveka kuti mbava zikumayendetsa galimoto zooneka ngati takisi n'kumabera anthu amene zawanyamula. Ine ndimaweruka usiku. Ndingaizindikire bwanji galimoto yotere ndisanakwere?

YANKHO: Chikwangwani cha TAXI chapadenga musachidalire, bambo. Zambiri zimangomatidwa ndi maginito, kuika ndi kuchotsa ndi nkhani ya kamphindi. Yang'anani nambala yakutsogolo ndi yakumbuyo ngati zikufanana. Galimoto yotsukidwa bwino koma nambala yokha ili mbuu ndi matope, ilekeni ipite.

Chachikulu ndi chitseko chakumbuyo. M'mbali mwake, pafupi ndi loko, pali kabatani kotchedwa child lock. Kanaikidwa chifukwa cha ana kuti asatsegule galimoto ikuyenda, ndipo kakatcheredwa chitseko chimatseguka ndi wakunja yekha. Mbava zimakakonda kwambiri kameneka. Choncho mukalowa, tsekani chitseko n'kuchitsegulanso galimoto isanasunthe. Chikakana, tsitsani galasi, tulutsani dzanja mutsegule ndi chogwirira chakunja, mutsike osachita manyazi. Galasi nalo yesani msanga, chifukwa dalaivala ali ndi batani lotsekera magalasi onse.

Musanyengedwe poona kuti muli kale anthu. Kawirikawiri amakhala gulu limodzi, nthawi zina pamodzi ndi mayi kuti mtima wanu ukhale m'malo. Wina akatsika mwaulemu kuti inu mukhale pakati, kanani. Pakati palibe chitseko.

FUNSO: Ine ndimaitana galimoto pafoni kudzera pa Bolt kapena Uber. Kodi ndidenso nkhawa?

YANKHO: Pang'ono, mayi. Vuto limabwera munthu akangokwera galimoto iliyonse imene yaima pafupi naye ikuphethira magetsi. Fananitsani zinthu zitatu ndi zimene zili pafoni: nambala, mtundu wa galimoto ndi nkhope ya dalaivala. Musamufunse kuti "Ndinu akutiakuti?" chifukwa wabodza angovomera. Mufunseni kuti wabwera kudzatenga ndani, dzina lanu alitchule yekha. Akanena kuti galimoto ija yawonongeka ndiye wabwera ndi ina, thetsani ulendowo. Potsiriza tumizirani wachibale live location pa WhatsApp, yomwe imamusonyeza pamapu pamene muli mukuyenda. Mumasankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo paulendo wamba sankhani ola limodzi.

FUNSO: Nanga ndikazindikira ndili kale mkati?

YANKHO: Galimoto ikapatuka pamsewu popanda chifukwa, imbani foni pompo ndipo mutchule mokweza nambala yake ndi pamene muli. Pezani chifukwa choti muime pamalo owala ndiponso podzaza anthu, monga pomwetsera mafuta. Madzi, maswiti kapena chakumwa chilichonse chimene angakupatseni musalandire, mwina athiramo mankhwala ogonetsa.

Akatulutsa mpeni kapena mfuti, musalimbane nawo, apatseni zimene akufuna. Ambiri amafuna foni, khadi la kubanki ndi PIN, ndipo ena amamuzungulitsa munthu pa ATM kuti atape ndalama. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha banki ikuchepetsereni ndalama zimene mungatape patsiku. Kudumpha galimoto ili paliwiro musayerekeze.

Akakusiyani, yambani ndi kuimbira banki ndi kampani ya foni kuti atseke khadi ndi SIM, kenako kupolisi. Kumeneko adzafuna nambala ya IMEI, yozindikiritsa foni yanu. Ili ndi manambala 15; imbani *#06# lero lomwe, muilembe papepala, musunge kunyumba.