Zopenta zomwazamwaza zija, eti mwana wanu angazithe?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti anaona pa Facebook chithunzi chopenta cha Jackson Pollock, katswiri wopenta wa ku America, penti atangomwazikana paliponse, anthu nkumati ndi cha mamiliyoni a madola. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi kumeneku sikutipusitsa? Mwana wanga wa Sitandade 2 akhoza kupanga zomwezi."

Mayi, funsoli simunayambe ndinu. Mu 1973 dziko la Australia litagula chithunzi chotchedwa Blue Poles cha Pollock yemweyo pa madola 1.3 miliyoni a kwawoko, anthu anakalipa zedi kuti ndalama za misonkho zapita pa zamisala.

Kapentedwe kameneka amati abstract expressionism, kanayambira ku New York m'ma 1940. Nkhondo itavuta ku Ulaya akatswiri ngati Max Ernst ndi André Breton anathawira kumeneko, atanyamula maganizo awo oti dzanja uzingolisiya liziyenda lokha osaliuziratu chojambula, ndiye anyamata a ku New York, ambiri mwa iwo oti m'ma 1930 ankadyera ganyu yopenta ya boma, anazitola nkupita nazo patali. Nkhope ya munthu kamera inkajambula kale bwinobwino. Iwo ankafuna chinsalu chionetse zomwe zili mumtima komanso mmene thupi layendera popenta.

Pollock anayamba zodontheza zija cha mu 1947, m'shedi ku Springs, Long Island. Chinsalu ankayala pansi ngati mphasa yoyanikapo ufa, penti wake wamba wopentera nyumba, burashi osakhudzitsa nkomwe, amangoviika kamtengo mchitini nkumazungulira mbali zonse zinayi akudontheza, kuwaza, kuthira. M'chithunzi chake cha Full Fathom Five muli mpaka misomali, mabatani, makobidi ndi ndudu zomatirira mu penti.

Ine ndinayesapo, ndisakunamizeni. Penti wotsala titamaliza kupenta nyumba, katoni yaikulu pansi, mitundu inayi. Mphindi khumi zoyamba ndinkadzimva ukatswiri. Kenako zonse zinasakanikirana nkukhala matope a bulawuni, pakona pena chithaphwi, pena mbee. Mpomwe ndinazindikira kuti mkulu uja ankadziwa kulemera kwa penti wake, ankadikira wina aume asanathire wina, ndipo mizere yake ngakhale yapiringizana chotani umatha kuitsata ndi diso, siifa. Ankadziwanso polekera, zomwe ine zinandikanika.

Vuto lina ndi foni. Chithunzi cha Pollock chotchedwa One: Number 31 cha 1950 ndi chachitali kupitirira mamita 5, msinkhu pafupifupi mamita 2.7, khoma lathunthu limenelo, inu mukuionera pa kagalasi kokwana m'dzanja. Mark Rothko, wopenta wina wa gulu lomweli, ndiye foni imamulakwira kwambiri. Zake pa sikirini zimangooneka ngati mabokosi awiri atatu a mitundu basi, koma iye ankapaka penti wopyapyala kambirimbiri wina pamwamba pa mnzake mpaka mtunduwo kumaoneka ngati ukuwala kuchokera mkati, ndipo ankafuna uime pafupi kuti chikumize. Kunena zoona pa awiriwa ine ndili mbali ya Rothko. Mu 1958 anapatsidwa ntchito yopenta zokakoleka mu resitilanti ya anthu olemera, Four Seasons, kenako anakana nkubweza ndalama. Zisanu ndi zinayi mwa zomwe anali atapentazo anapereka ku Tate, nyumba yoonetsera zaluso ku London, zinafika mu February 1970, tsiku lomwe iye anadzipha.

Pa za mtengo pokha, mayi, ndikugwirizana nanu. Chithunzi chotchedwa Interchange cha Willem de Kooning, wopenta winanso wa gululi, chinagulidwa pa madola 4,000 mu 1955, mu 2015 chinapita pa madola pafupifupi 300 miliyoni. Penti ndi yemweyo, sanawonjezerepo kadontho. Amenewo ndi masewera a mabwana osunga chuma, ndipo Pollock sanazilaweko ndalama zoterozo, anafa pa ngozi ya galimoto mu 1956 ali ndi zaka 44 ataledzera, munthu woti nthawi ina ngongole ya kugolosale anailipira ndi chithunzi.

Mwanayo mpatseni penti ayese, mwina atichititsa manyazi tonse. Koma panja chonde, osati pakhonde la alandilodi.