Pulinta ya mu ofesi: yambani mwafunsa za tona

Funso: Ndili ndi kaofesi ku Luwinga, mu Mzuzu. Timasindikiza makalata, malisiti ndi mafomu a pa intaneti, masamba ngati 30 patsiku. Tili ndi laputopu ya Windows 11 ndi mafoni a Android. Achimwene anga ali ku America akuti atitumizira pulinta. Ndivomere kapena ndigule konkuno? Nanga ya mtundu wanji?

Yankho: Mayi, achimwenewo athokozeni, koma muwapemphe atumize ndalama. Magetsi a ku America ndi 120V, a ESCOM ndi 230V, ndipo mapulinta ambiri a laser sali ngati tchaja ya laputopu imene imalola magetsi onse awiri. Bambo wina anandibweretserapo yotere, pulasitiki yake isanamatulidwe n'komwe. Anangogula kapulagi kosinthira mano n'kubaya pa soketi. Kunangomveka phu! kenako fungo la waya wopsa ofesi yonse.

Pa ntchito mwatchulayi, gulani laser yosindikiza zakuda zokha. Tona, amene laser imagwiritsa ntchito m'malo mwa inki, ndi ufa, sauma ngakhale mutatseka ofesi mwezi wathunthu, pomwe inki ikakhalitsa imatseka timabowo ta mutu wa pulinta, masamba n'kumatuluka ndi mizere yoyera. Koma musanapereke ndalama, lembani nambala ya tona papepala muzungulire mashopu a m'tauni muno. Mukaipeza m'malo awiri kapena atatu, ili bwino. Akakuuzani kuti "tiitanitsa ku Lilongwe", isiyeni. Ndaona mapulinta okongola, otsika mtengo, atasanduka poikapo mafayilo chifukwa tona wake sapezeka. Mwachitsanzo, tona wa HP 85A, wolowa mu LaserJet P1102, eni ake amati amatulutsa masamba pafupifupi 1,600. Kwa inu ndi miyezi iwiri ndi theka, ngati simusindikiza zithunzi.

Pali malo amodzi pamene ndimasintha mawu. Ngati magetsi akathima mumadalira sola ndi kainveta kakang'ono, laser ikuvutitsani. Imatenthetsa chitsulo chomatira tona papepala, ndiye imakoka mawati mazanamazana, inveta n'kungolira tii n'kuzima. Pa UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima, musaiyerekeze n'komwe. Zikatero tengani ya inki yothira m'matanki, monga Epson EcoTank, yomwe imadya magetsi ochepa kwambiri. Muzingoisindikizitsa tsamba limodzi la mitundu sabata iliyonse kuti isaume.

Zoti igwirizana ndi laputopu yanu musamangomvera wogulitsa. Pitani pa webusayiti ya kampani yopanga, lembani nambala ya pulintayo, muone ngati driver (pulogalamu yoyendetsa pulinta pa kompyuta) wa Windows 11 alipo. Windows 11 ndi ya 64-bit yokha, choncho CD yakale yokhala ndi driver wa 32-bit sikuthandizani. Mafoni amafuna Wi-Fi. Pa mayina a HP, chilembo w kumapeto chimatanthauza Wi-Fi, n ndi chingwe cha netiweki, d ndi kusindikiza mbali zonse ziwiri za pepala. P1102 ndi ya USB basi, P1102w ndiye yolumikiza popanda chingwe. Pa zatsopano, yang'anani chizindikiro cha Mopria pa katoni, ndicho cha Android.

Za pa intaneti nthawi zambiri pulinta imalakwiridwa. Mukadina Ctrl ndi P, onani kaye chithunzi cha zomwe zituluke. Pepala likhale pa A4, osati Letter ya ku America, apo ayi mizere ya m'munsi idukaduka. Sankhaninso masamba amene mukufunawo, chifukwa fomu ya tsamba limodzi imatha kutuluka masamba asanu, anayi ali otsatsa malonda.

Chinanso ndi chinyontho chathu cha ku Mzuzu kuno. Mapepala ogona mu thireyi nyengo ya mvula amafewa, amakokana awiriawiri n'kutsamwa m'kati. Ambiri amene amandiimbira kuti pulinta yafa, ndikafika ndimangotsegula rimu yatsopano, ntchito n'kuyamba. Poweruka muziwabwezera m'chikutiro chawo n'kuwaika m'kabati.